Kudya bwino ndi ndalama zochepa kuno kuchigwa: njira iti ikuthandiza, iti ikungotidyera mthumba

Kuno kuchigwa cha Shire, kuyambira pa Thabwa kutsika mpaka ku Marka, nkhani ya kadyedwe kabwino ambirife timaitenga ngati ya anthu apamwezi, aja ali ndi firiji m'nyumba. Ukangotchula za magulu asanu ndi limodzi a zakudya munthu amakuyankha kuti aaa inunso, ufa weniweniwo ukuvuta nde mukuti zipatso? Ndipo kumutsutsa nkovuta, chifukwa mabala a namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 asanapole kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, kenako ng'amba ya 2024 nkudzapsereza chimanga m'minda, kuchokera apo mtengo wa mafuta ophikira, shuga ndi ufa sunabwererenso pomwe unali. Koma taonetsetsani makomo awiri opeza ndalama zofanana, kwina ana akudya zamagulu anayi kapena asanu patsiku, kwina ndi nsima yoyera ndi kabichi sabata yonse. Kusiyana kwake nthawi zambiri kuli pa njira yomwe chakudyacho chikulowera pakhomopo, nde tiyeni tiziunike njirazi, iliyonse pomwe imathandiza ndi pomwe imaluma.

Yoyamba ndi yomwe ambiri tili nayo kale, kugula tsiku ndi tsiku. Kawokimani ka ufa, mafuta a m'kachubu, kamulu ka tomato, kamulu ka bonya, basi lero lapita. Musainyoze njira imeneyi, munthu wa kabaza pa Nchalo kapena mayi wodalira ganyu ndalama yake imabwera madzulo aliwonse pang'onopang'ono, sangadikire kuti ikwane thumba. Komanso palibe chomwe chimafumbwa, palibe chowola ndi kutentha, madzi akasefukira sataya nkhokwe chifukwa analibe kale. Vuto lake nlakuti iyi ndi njira yodula kuposa zonse, kungoti kudula kwake sikuoneka. Yesani nokha, tengani botolo la lita imodzi muzikhuthuliramo timachubu ta mafuta tija mpaka lidzaze, muwerenge ndalama yomwe yapita, kenako mukafunse mtengo wa lita yosatsegula mu golosale. Chimodzimodzi ufa wa mawokimani poyerekeza ndi ndowa ya chimanga yokagayitsa nokha. Chachiwiri, tsiku lomwe geni yavuta chomwe chimayamba kudulidwa ndi ndiwo, ufa ugulidwa ndithu koma nsomba ndi masamba zidikira mawa, ndipo mawa lakelo limachuluka. Palinso ichi, mafuta ophikira ndi shuga zogulitsidwa m'dziko muno zimayenera kukhala ndi vitamini A, mchere ukhale wa ayodini, koma zopungulidwa kuchoka m'chigubu chopanda dzina sungadziwe kuti zili nazo kapena ayi.

Njira yachiwiri ndi kugula kapena kusunga zambiri nthawi yokolola. Aliyense amadziwa kuti mu Meyi ndi Juni zinthu zimatsika mtengo pomwe Januwale ndi Febuluwale ndi moto, koma chomwe chimandipweteka mtima nchakuti nthawi yotchipayo ndi yomwenso timagulitsa zathu zonse kwa mavenda a masikelo, nandolo yense, khobwe yense, chitowe chonse, kenako mvula ikayamba nkumakagulanso khobwe yemweyo pa kapu pamtengo wolira nawo. Nandolo wathu amakwera sitima mpaka ku India, kumeneko ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku, ife tatsala ndi thumba lopanda kanthu. Sindikuti osagulitsa ayi, fizi ya ana ikufunika, sopo akufunika, koma ndowa imodzi kapena ziwiri za nandolo ndi khobwe zizitsala pakhomo zisanaone sikelo, zimenezo ndi ndiwo za miyezi ingapo.

Kusunga kuno kuli ndi adani ake. Kutentha kwathuku anankafumbwe amaswana mwachangu kwabasi, chimanga chongounjika m'saka wamba popanda mankhwala pofika Okutobala chasanduka fumbi. Matumba aja a PICS okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi abwino chifukwa safuna mankhwala, tizilombo timafa tokha posowa mpweya, bola mbewu ikhale youma gwa, mumange pulasitiki iliyonse payokha ndipo makoswe asaliboole. Ndi odula pogula koma mukalisamala limagwira zaka zingapo. Mdani wina ndi madzi, anthu amene anaona kusefukira kwa madzi kwa 2015, namondwe Idai mu 2019 ndi namondwe Ana mu 2022 safunika kuuzidwa, thumba lisagone pansi, likhale pa thandala lokwera, ndipo ngati muli kumalo kotsika monga mbali za Makhanga ndi bwino gawo lina kukasungitsa kwa achibale kumtunda mvula isanayambe. Wachitatu ndi chuku. Chimanga kapena mtedza zosungidwa zisanaumitsitse zimachita chuku chomwe chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Mtedza wonyala, wakuda, wowawa uja timati tisinje nsinjiro poti sungagulike, umenewo ndi woyenera kutaya kumene, makamaka ngati nsinjirozo zikupita m'phala la mwana.

Nanga ndalama yogulira zambiri pakamodzi ichoka kuti? Apa pali kaganizo komwe ndimafuna magulu a banki mkhonde atakaona. Magulu ambiri amagawana masheya mu Disembala, nthawi yomwe chakudya chakwera kale ndipo Khirisimasi ikudikira pakhomo kuti imeze zonse. Gulu litagwirizana kuti lizigawana mu Meyi kapena Juni, ndalama yomweyo ingagule chakudya chochuluka kwambiri. Ngati gulu lakana, makomo atatu kapena anayi ogwirizana atha kusonkha nkugula chigubu cha mafuta cha malita asanu, kugawana m'mabotolo, aliyense wapulumutsapo kenakake.

Tsono posunga, tisunge chani, chimanga, mapira kapena mchewere? Apa nde pamene ndikufuna tichedwepo. Chigwa chino mvula yake ndi yochepa komanso yosapanganika, makolo athu sanapuse kulima mapira ndi mchewere, mbewu zimenezi zimapirira pomwe chimanga chafota nkugona. Chaka cha ng'amba wa chimanga amakolola mapesi, wa mapira amapeza kena kake. Ku mbali ya thanzi, mchewere uli ndi ayironi, amene amathandiza magazi, wochuluka kuposa ufa woyera wa chimanga, ndipo nsima ya mapira kapena ya mchewere imakhalitsa m'mimba, ukadya masana ukhoza kugwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka osamva kukomoka. Bungwe la United Nations linachita kupatula chaka cha 2023 kukhala chokumbukira mbewu za mtundu umenewu, pomwe kuno ena akuchita manyazi kuphikira mlendo nsima yofiira poopa kuoneka osauka. Manyazi amenewo akutidyetsa njala abale. Kuipa kwa mapira kulipo, mbalame zimavuta zedi moti pamafunika munthu wolondera m'munda kuyambira mmamawa, kupuntha ndi kupeta kwake kumayabwa, ndipo ana omwe anazolowera nsima yoyera amayamba akana. Njira yapakati ndi kusakaniza pokagayitsa, chimanga chambiri mapira pang'ono, nkumaonjezera pang'onopang'ono mpaka pakamwa pazolowere.

Chimanga chomwecho, woyera kapena mgaiwa? Mukakonola, kuviika, kutsuka, kuyanika, mumataya gaga yense pamodzi ndi mtima wa chimanga momwe muli mafuta ndi mavitamini, ndowa yodzaza imabwerako yoperewera, komanso mwalipira chigayo kawiri. Mgaiwa mumalipira kamodzi, ufa ndi wambiri, thanzi lili momwemo. Pomwe mgaiwa umagonja mpakuti sukhalitsa, ndi kutentha kwa kuno umayamba kununkha ndi kuwawa msanga chifukwa cha mafuta aja, nde gayitsani wochepa wa sabata imodzi kapena ziwiri osati thumba lonse. Ufa woyera usiyireni masiku a alendo ngati mtima ukufunadi.

Njira yachitatu ndi dimba, chuma chenicheni cha chigwa chino. Madzi omwe amatiliza mu Januwale ndi omwewo amasiya chinyontho ndi nthaka yachonde akamaphwa, ndipo kuyambira Epulo kupita mtsogolo m'mbali mwa Shire ndi kuzungulira dambo la Elephant Marsh ndi la Ndindi anthu amabzala chimanga, nyemba, maungu, mbatata popanda kudikira mvula. Amene ali ndi dimba amadya zamasamba nthawi yomwe kumtunda kuli gwa. Pa mbewu zonse za kudimba ine ndimaikira kumbuyo mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni, chifukwa ili ndi vitamini A wambiri yemwe amateteza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana, imacha pa miyezi inayi kapena isanu, kholowa wake ndi ndiwo, ndipo mmawa imalowa m'malo mwa buledi ndi masikono. Futali wa mbatata yotere ndi nsinjiro, mwana wapita kusukulu atadya magulu awiri popanda kupita kugolosale. Koma dimba si la aliyense, ambiri amachita kubwereka malo ndi ndalama, ena nkutali ulendo wa maola, kuli mvuu zomwe zimatha munda usiku umodzi, kuli ng'ona, komanso ng'ombe ndi mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola kumtunda pamakhala milandu kwa amfumu yosatha.

Amene dimba lakutali silingatheke, kadimba ka kuseri kwa nyumba kamathandiza koma tinene zoona, kuno nkovuta kuposa ku Thyolo kapena ku Mulanje. Mijigo yambiri madzi ake ndi amchere, masamba monga repu ndi chayinizi amapsa, mbuzi za aneba sizigona. Kamayenda ngati mwakatchingira bwino ndi minga kapena bango, pamthunzi pang'ono, nkumathirira madzi otsukira mpunga ndi ndiwo, ndipo mubzale zopirira monga bonongwe, khobwe wa chitambe, therere ndi kholowa. Koma chinthu chimodzi chomwe chimapambana zonsezi pa ntchito yochepa ndi mtengo wa sangowa, ena amati chamwamba. Umamera ndi nthambi yongozika, sufuna kuthirira ukagwira, umakonda kutentha kwathu komweku, ndipo umapereka masamba nthawi yomwe ndiwo zasowa. Mitengo itatu kapena inayi pampanda ndi ndiwo za banja. Masamba ake mukapulula nkuphika pang'ono ndi tomato ndi nsinjiro, kapena chitowe chokazinga chosinja ngati mtedza wadula, simufunanso mafuta. Kungoti tisamauchititse kukhala mankhwala a matenda onse ngati mmene ena amanenera pogulitsa ufa wake m'mabotolo, ndi ndiwo yabwino kwambiri, amene ali pa mankhwala a kuchipatala apitirize mankhwala ake.

Yachinayi ndi yomwe agogo athu ankaidziwa bwino ife tikuitaya, kufutsa ndi kuyanika. Dzuwa lomwe timadandaula nalo ndi firiji yathu yaulere. Nthawi ya mvula nkhwani, chitambe, denje, luni, chisoso zimachuluka mpaka kuzipalira ngati udzu, pofika Seputembala tikugula kamulu ka masamba ofota pamtengo wokwera. Mfutso umafuna kungowiritsa masamba kanthawi kochepa, kuwakhetsa, nkuyanika pamphasa yoyera pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la phwee chifukwa limawotcha mavitamini nkusiya masamba otuwa. Akauma muike mu ndowa yotseka kapena mtsuko wouma. Mbatata yochuluka iduleniduleni nkuyanika, mango a mu Novembala ndi Disembala omwe amangowolera pansi nawonso amayanikika. Pa zipatso chigwa chino sichosauka ngakhale pang'ono, masau nthawi yozizira ali mbwee ndipo ouma amakhala miyezi, malambe ali ndi vitamini C wambiri ndipo amasungika okha m'chigoba chawo, bwemba naye alipo. Munthu asamati zipatso nzodula akuganiza za maapozi a mu shopu, ufa wa malambe wothira m'phala kapena wosungunula m'madzi abwino ndi chipatso chokwanira. Kuipa kwa njira iyi ndi ntchito basi, imagwa nthawi yomwe manja ali kumunda, ndipo nthawi zambiri imagwera mayi yekha. Abambo, kuthyola chitambe ndi kuyang'anira mphasa kuti nkhuku zisafike sikuchotsa ulemu wa munthu. Za nyika, mizu ya zomera za m'madzi ija, sindiziika m'gulu la zosankha, anthu amalowa m'madambo a ng'ona kukazula nyika pomwe zinthu zafika pothina, ndipo zonse tikukambazi cholinga chake nchakuti banja lisafike pamenepo.

Tsopano ndiwo zomanga thupi, poti apa mpomwe ndalama imathera. Nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe, ngakhale ziweto zili zambirimbiri mbali za Ngabu, ndi yodula ndipo kahafu kilo pa banja la anthu asanu ndi awiri aliyense amangolawa msuzi, isiyeni ikhale ya apo ndi apo. Nsomba za m'dambo, mlamba wowamba kapena mphende, kwa amene ali pafupi ndi madooko ndi zotchipirapo ndipo mlamba umodzi wouma umakometsa mphika wonse wa masamba. Koma pa thanzi la ana tinsomba tating'ono todya ndi mitu ndi minga yomwe, usipa, bonya, matemba, timapambana chifukwa kashiamu wolimbitsa mafupa ali m'mingamo. Kamulu kamodzi mukakazinga pouma nkusinja kukhala ufa, supuni imodzi m'phala la mwana tsiku lililonse, kamatha sabata pomwe kuphika ngati ndiwo kakanatha chakudya chimodzi. Dzira ndi labwino kwambiri kwa mwana ndi mayi woyembekezera, zija zoti mwana akadya mazira adzadwala kapena mayi adzabereka mwana wopanda tsitsi nzabodza, kungoti kugula dzira limodzilimodzi la banja lonse nkodula, bola kuweta nkhuku zochepa nkuzipatsa katemera wa chitopa nyengo yotentha isanafike. Masoya pisi amathandiza, ali ndi zomanga thupi zambiri, sachedwa kupsa, saonongeka, koma amamwa mafuta ndi tomato, ndipo kapaketi ka zokometsera kaja nkodzadza mchere, thirani theka lokha.

Wopambana pa mtengo ndi nandolo ndi khobwe, makamaka ngati munasunga nokha. Pa magalamu 100 aliwonse a nandolo kapena khobwe wouma, opitirira 20 ndi zomanga thupi. Dandaulo lake ndi nkhuni ndi makala, mphika wa nyemba umadya moto, koma mukaviika usiku nkutaya madziwo mmawa nthawi yophika imachepa kwambiri komanso m'mimba simudzadza mpweya, ndipo mbaula ya dothi ya chitetezo imasunga moto kuposa mafuwa atatu. Chipere cha khobwe wochotsa makoko ngakhale mwana wa miyezi isanu ndi iwiri amadya. Chinthu china chaching'ono, soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga koma zimapha mavitamini ena, ku therere mwina nkovuta kusiya, koma ku nkhwani ndi bonongwe palibe chifukwa. Komanso tiyi osamwera pa chakudya, amatchinga ayironi kulowa m'thupi, pomwe kachidutswa ka ndimu, tomato kapena madzi a malambe zimathandiza kuti alowe bwino.

Njira yomaliza ndi kudya panjira, chipisi pa chiwaya, kanyenya, mandasi, ndi kabotolo kozizira poti kwatentha. Anyamata a kabaza, ogwira ntchito m'minda ya nzimbe, ochita geni pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Bangula, sangabwerere kunyumba masana aliwonse, izi nzomveka. Koma ndalama ya mbale ya chipisi ndi chakumwa ikanagula ndiwo za banja lonse, ndipo mafuta a pachiwaya aja obwerezabwereza mpaka kuda si abwino ku mtima. Ngati mukudya panjira sankhani chimanga chootcha, mbatata yowiritsa, mtedza, nthochi zochoka kumtunda, dzira lowiritsa, chigumu. Pa ludzu la Okutobala pomwe kutentha kumapitirira madigiri 40, palibe choposa madzi, otetezedwa ndi klorini kapena owiritsa, m'botolo lanu lonyamula kunyumba. Thobwa la chimera cha mapira limapha ludzu ndi njala pamodzi, bola lisakhale lothira shuga wambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati shuga wothira asapitirire magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, ndiwo matiyisupuni ngati 12, ndipo botolo limodzi la zozizira zija lingathe kukufikitsani pafupi pomwepo musanawerenge wa mu tiyi. Mchere akuti usafike magalamu 5, katiyisupuni kamodzi patsiku. Kuno tiyenera kusamala kuposa ena chifukwa nsomba zouma zambiri zili kale ndi mchere, madzi a mijigo ina nawonso ndi amchere, kenako tikuthiranso wina pambale tisanalawe nkomwe. Bipi siimveka kuwawa ikamayamba, kukayezetsa kuchipatala cha boma nkwaulere, amene wapitirira zaka 40 asadikire mutu kuyamba kuzungulira.

Nde ndani atenge iti? Wodalira ganyu kapena geni ya tsiku sangathawe kugula pang'onopang'ono, koma asinthe ziwiri zokha, mgaiwa m'malo mwa woyera, ndi mitengo ya sangowa pakhomo, kenako alowe m'kagulu kosonkherana mafuta. Wapamwezi, mphunzitsi kapena wa ku esiteti, alibe chifukwa chogulira mawokimani, malipiro a Meyi ndi Juni apatuleko ya thumba la chimanga, ndowa ya mapira ndi ya khobwe. Mlimi wa ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, kapena wa m'mbali mwa dambo ali ndi mwayi kuposa onse ngati sagulitsa zonse ndipo afutsa masamba nthawi yake. Ndikanati ndisankhe imodzi yokha ndikanatenga yosunga nandolo, khobwe ndi mapira nthawi yokolola, chifukwa ndi yomwe imagwira banja mu Januwale ndi Febuluwale pomwe njira zina zonse zafooka, dimba lamira, ganyu walipira zochepa, msika wakwera.

Pakhomo pomwe pali mwana wosakwana zaka ziwiri kapena mayi woyembekezera, mbale yawo ndiyo iyambe kuganiziridwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi okwinimbira, ndipo kukwinimbira kukachitika m'zaka ziwiri zoyambazo kubweza nkovuta. Phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi shuga limangodzadza mimba. Likhale lolimbirako losayoyoka pa supuni, la mgaiwa kapena mchewere, muthiremo nsinjiro zosankhidwa bwino, ufa wa usipa uja, masamba a sangowa ouma opukusa, kadontho ka mafuta, ndipo mwana apitirize kuyamwa. Pa sikelo ya mwezi ndi mwezi funsani alangizi a zaumoyo akuonetseni mzere wa pa khadi ngati ukukwera, ukaima miyezi iwiri yotsatizana musadikire wachitatu.